Timphaka ta Bonya

Bonya, mphaka wathu, anafera kuseri kwa bafa, Lachiwiri m'mawa, mwezi wa June, atangotha masiku anayi chiberekereni. Ndinamupeza ndine pokataya phulusa la mbaula. Anali atauma kale, thovu lili kukamwa. Aliyense amene wakhalapo kuno ku Matawale akudziwa chomwe chimapha mphaka mwa mtundu umenewo: wina watchera makoswe ndi tameki pa kansomba kapena pa mkute, ndiye chona wofuna chakudya choti mkaka utuluke wadutsa pomwepo. Sindinapite khomo ndi khomo kukafunsa. Makoswe amativutitsa tonse, ndipo panalibe yankho lomwe likanamudzutsa.

Dzina limeneli tinamupatsa chifukwa anabwera pakhomo pano ngati wakuba, akunyambita bonya yemwe Amayi anayanika pa lichero. Anakhala nafe zaka zitatu. Chibwerereni iye, matumba anga a ufa wa makeke sanabooledwenso.

Nditamukwirira m'munsi mwa nthochi ndi pamene ndinakumbukira katoni ya sopo yomwe inali pansi pa bedi la mwana wanga. Munali timphaka tinayi, maso otseka, makutu opindika, kamodzi kakadali ndi kachingwe ka mchombo kouma. Titatu tinali titaunjikana pakona tikulira. Kachinayi, koyera ndi madontho a bulawuni, kanali katakwawira kokha mbali ina ndipo sikanali kulira. Nditakagwira kanali zii, ngati mwala wa mu Mulunguzi.

Zomwe ndinachita pamenepo ndizilemba momwe zinalili, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mukanachita chimodzimodzi. Ndinaganiza za njala. Ndinatenthetsa mkaka wa ng'ombe wa m'paketi, ndinakagoneka chagada m'dzanja langa ngati khanda la munthu, n'kuyamba kukathira mkaka m'kamwa ndi kasipuni ka tiyi. Kanameza pang'ono, kenaka mkaka unatulukira m'mphuno, tithovu tiwiri toyera. Ndinapukuta n'kupitiriza, mtima uli m'malo kuti ndikukapulumutsa.

Masana ake kunabwera bambo wina wa zachipatala cha ziweto, amene mnzanga wa ku kwaya amamuitana mbuzi zake zikadwala. Anaimika njinga yamoto panja, anagwada pa simenti, n'kuika kamphaka kaja pafupi ndi khutu lake. Anakhala chete kwa kanthawi. Kenaka anandifunsa momwe ndinakamwetsera, ndipo ndinamuonetsa.

"Mayi, musadzachitenso," anatero mosakalipa. "Kamphaka kakazizira musamakapatse chilichonse. Muyambe mwakafunditsa. Kakakhala kozizira m'mimba simugwira ntchito, mkaka umangokhala momwemo. Ndiye mukakagoneka chagada mkaka umalowera ku mapapo. Mukumva kaphokosoka?"

Ndinamva. Kanali kupuma ngati munthu akupsopsona madzi otsala m'kapu. Chinali chibayo chomwe ndinakapatsa ndi dzanja langa. Kanafa Lachitatu usiku, kali m'chitenje pachifuwa panga. Mpaka lero ndikaona kasipuni kaja m'kabati mtima umandiwawa.

Bambo uja anandifotokozera zomwe sindinkazidziwa ngakhale Bonya anali ataberekapo kawiri pakhomo pomwe pano. Mwana wa mphaka amabadwa wolemera pafupifupi magalamu 100, ndipo kwa masabata atatu kapena anayi oyambirira thupi lake silitha kudzitenthetsa lokha. Kutentha konse amakutenga kwa make ndi kwa abale ake, n'chifukwa chake amagona mounjikana. Sabata yoyamba malo awo ogona amayenera kufunda madigiri 30 kapena kupitirira pang'ono. Taganizani tsono usiku wa June kuno ku Zomba, chiperoni chitatsika m'phiri, nkhungu itaphimba Ku Chawe mpaka m'tauni, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Ife akuluakulu timagona ndi majuzi. Timphakato tinakhala pa simenti popanda mayi mwina usiku wonse.

Akulankhula choncho, ine maganizo anali atapita kale kwina. Mwana wangayu, amene tsopano ali ndi zaka 11, anabadwa masiku asanakwane ku chipatala chachikulu cha Zomba. Chipatala chimenechi chinayamba mu 1999 njira ija ya kangaru, yomangirira mwana pachifuwa pa mayi khungu ndi khungu. Ndinakhala m'wodi imeneyo masabata, kamwana kali pakati pa mawere, kavala chipewa ndi thewera lokha. Anamwino ankabwereza tsiku ndi tsiku kuti mdani woyamba wa mwana wotereyu ndi kuzizira. Ndinkazidziwa zimenezi ndi thupi langa lomwe. Koma chifukwa choti uyu anali chona, sizinandibwerere m'mutu.

Amayi ndiwo anazigwirizanitsa msanga. Poyamba sankafuna n'komwe kumva za nkhaniyi. "Iwe, anthu akusowa chakudya kunjaku, iwe ukulera ana a chona?" Koma atamva za kufunditsa anangodzuka, n'kutenga chitenje chakale, n'kundimangirira timphaka titatu tija pachifuwa momwe ankandimangira mdzukulu wawo. Mfundo yake inali yomweyo, ya kumsana. Tinayamba kugwedezeka patapita pafupifupi ola. Kufunditsa kumafunika kukhala kwa pang'onopang'ono choncho. Aneba ena anati ndiike katoni pafupi ndi mbaula, koma moto wa makala umawotcha khungu la kanthu kosatha kuthawa, ndipo mpweya wake m'chipinda chotseka umapha ndi anthu omwe. Tinatenga mabotolo awiri apulasitiki, kuthiramo madzi otentha, kuwakulunga m'masokosi akale, n'kuwaika mbali imodzi yokha ya katoni kuti kamene katenthedwa kazitha kukwawira mbali inayo. Madziwo ndinkasunga mu fulasiki, chifukwa magetsi akathima pakati pa usiku sungayambe kukoleza makala timphaka tikudikira.

Nkhani ya mkaka inali yovutirapo. Tonse tinakula tikuona mphaka akupatsidwa mkaka wa ng'ombe m'mbale, koma kwa kakhanda mkaka umenewu ndi wochepa mphamvu. Wa mphaka uli ndi mapuloteni ambiri kuposa wa ng'ombe, ndipo shuga wa mu mkaka wa ng'ombe amatsegula m'mimba. Kanthu ka magalamu 100 kakatsegula m'mimba tsiku limodzi lokha, madzi amakathera m'thupi. Ulipo mkaka wa ufa wopangira ana amphaka, koma ndinazungulira m'tauni muno osaupeza. Kwa masiku awiri tinagwiritsa ntchito zomwe bambo uja anatiuza kuti n'zongogwirizira: mkaka wa mbuzi wowiritsa, wozizira mpaka kufunda, wosakaniza ndi chapakati cha dzira, chachikasu chija. Tsiku lachitatu msuweni wanga anatigulira chitini ku Blantyre n'kuchipatsira kondakitala wa minibasi ya ku Limbe. Mtengo wake unaposa wa thumba la makala. Ndinaganiza kawiri ndisanatumize ndalamayo, ndipo amene sangakwanitse sindingamuweruze. Ndinatenga pa ndalama ya keke ya chinkhoswe yomwe ndinali nditalandira kale theka.

Chomwetsera chinali sirinji yopanda singano. Kamphaka umakagoneka chafufumimba pa thaulo, mimba pansi, mutu utadzuka pang'ono, monga momwe kamagonera pa bere la make. Mkaka umayamba wadontheza pa mkono pako kuti umve ngati wafunda bwino. Ndiye umaika nsonga ya sirinji m'mbali mwa kamwa, dontho limodzi, n'kudikira kameze. Chala chako chikakhala pakhosi pake umamva kumezako. Sukankha, kamakoka kokha. Mimba yake imalandira mamililita 4 okha pa magalamu 100 alionse a thupi, ndiye kuti osakwana n'komwe sipuni ya tiyi, ndipo patapita maola awiri kapena atatu kakufunanso. Usana ndi usiku.

Alamu ya foni inkalira 10 koloko, 12 koloko, 2 koloko. Ndinkadzuka mutu uli zii, kuyatsa tochi ya foni n'kuiluma ndi mano chifukwa manja onse ali ndi ntchito. Kamodzi kakakhuta makutu ake opindika aja ankanjenjemera, timiyendo takutsogolo tikukanda thaulo ngati munthu akukanda ufa wa mandasi. Amatero pa bere la mayi kuti mkaka utsike. Tinkakanda thaulo louma, ndipo ine zinkandikhudza usiku uliwonse. Ya 4 koloko anailanda Amayi. Anati amakhala atadzuka kale kupemphera, palibe chifukwa choti tonse tisagone. Ndinkawamva kuchipinda kwawo akuyimba chapansipansi nyimbo ya m'buku, kenaka, "Meza, iwe, meza. Usandichititse manyazi."

Pali ntchito ina ya mayi wa mphaka yomwe ndinali nditaiona kambirimbiri osaimvetsa. Bonya akamanyambita ana ake kumimba ndi kumatako ndinkati akuwasambitsa. Ayi ndithu. Kamphaka kosakwana masabata atatu sikatha kukodza kapena kuchita chimbudzi pakokha, kamadikira lilime la make. Popanda zimenezo kamangotupa mimba n'kumalira. Choncho pomaliza kumwetsa paliponse tinkatenga thonje, kuliviika m'madzi ofunda, n'kumasisita pang'onopang'ono pansi pa mchira mpaka timadontho titatuluka. Mkodzo ukakhala woyererako ndiye kuti zili bwino, ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuchepa m'thupi. Ntchito imeneyi anaitenga mwana wanga akaweruka kusukulu, ndipo ankaigwira mosanyansidwa, milomo ataluma, ngati namwino weniweni. Ndiye amenenso anatcha maina. Kotuwa anati ndi Chiperoni, kamizeremizere ndi Kanyenya, kakuda bii ndi Makala.

Tsiku lina akusisita Kanyenya anandifunsa osandiyang'ana, "Amama, inenso ndinali chonchi?" Ndinati unali wokulirapo, koma osati kwambiri. Ndinamuuza za chipewa chake choluka chomwe chinkakwana pa lalanje. Nkhani imeneyi ndinali ndisanamuuzepo bwinobwino, ndipo tinakhala pa mkeka mpaka kunja kunada, katoni ili pakati pathu.

Sikelo yanga yoyezera ufa ndi shuga ndiyo inasanduka dokotala wa pakhomo. M'mawa uliwonse 6 koloko ndinkaika kamphaka m'bakuli n'kulemba kulemera kwake kumapeto kwa kope la maoda. Tsiku loyamba Chiperoni anali 118, Makala 110, Kanyenya 97. Kamphaka kathanzi kamawonjezera magalamu 10 mpaka 15 pa tsiku, ndipo maso sangaone kusintha kochepa choncho. Sikelo imaona. Ndiyo inandiuza, pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, kuti Kanyenya waima pa 131 masiku awiri otsatizana, asanayambe n'komwe kuoneka wofooka. Madzulo ake anatsegula m'mimba. Cholakwa chinali changanso: pofuna kuti anenepe msanga ndinkathira ufa wa mkaka wopitirira muyezo wolembedwa pa chitini. Bambo uja pa foni anati ndisungunule mkakawo ndi madzi owiritsa ochulukirapo, ndizimumwetsa pang'ono koma pafupipafupi, ndipo akalefuka ndimupake timadzi ta shuga ku nkhama. Patapita masiku awiri sikelo inanena 139. Ndinathamangira kukhitchini kukawaonetsa Amayi kope ngati ndapambana mayeso.

Sabata yomweyo mayi wina wachifundo ndithu anandiuza kuti ndinyenye kachidutswa ka Panado n'kusungunula m'madzi. Chonde, amene muli ndi amphaka, imvani ichi: paracetamol, amene ndiye Panado, amapha mphaka. Chiwindi cha mphaka sichitha kuwaphwanya mankhwala amenewa monga chimachitira chathu, ndipo amawononga magazi mpaka nkhama zimada. Ngakhale mphaka wamkulu amatha kufa ndi piritsi limodzi. Chimodzimodzinso mankhwala ena ophera utitiri ndi nkhupakupa pa agalu, makamaka okhala ndi permethrin, ndi poizoni kwa mphaka. Utitiri tinali nawo, anasiyidwa ndi Bonya m'sanza zomwe anaberekerapo, ndipo pa kanthu kakang'ono chotere amatha kuyamwa magazi mpaka kufa. Sanzazo tinatentha. Timphakato tinkatipesa ndi chipeso cha mano othinana chija chochotsera nsabwe, utitiri uliwonse n'kuuponya m'madzi a sopo. Kusambitsa thupi lonse ndinkaopa chifukwa cha kuzizira, ndinkangopukuta ndi kansalu kofunda n'kuumitsa nthawi yomweyo.

Maso anayamba kutseguka ali ndi masiku 9. Samatseguka kamodzin'kamodzi, kamng'alu kamayambira pakona ya kumphuno n'kumakula tsiku ndi tsiku, ndipo suloledwa kuwakanula ndi zala. Mwana wanga ankangozungulira katoni, dzanja likumuyabwa, Amayi n'kumamuletsa: "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Atatseguka onse anali obiriwira ngati thambo, monga amakhalira ana amphaka onse poyamba, mtundu weniweni umadzabwera pakatha masabata angapo. Makala ndiye anatsegula pomalizira. Anandiyang'ana osandiona bwino, mutu ukugwedera, kukamwa kuli mkaka.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Makutu anaima, timano takutsogolo tinatuluka sabata yachitatu, nsonga ya sirinji inayamba kutafunidwa. Anayamba kuyenda mogwagwa, mchira uli njo. Tinaika beseni lakale la mchenga pakona ndipo anadziwa okha ntchito yake. Atakwana masabata anayi tinayamba kuwapatsa usipa wowiritsa wopanda mchere, wosinja, wosakaniza ndi mkaka wawo uja. Matemba a ku Chilwa tinkayamba tawaviika ndi kuwatsuka. Nsima yokha siyikwanira, mphaka ndi nyama yodya nyama inzake, ndipo ndiwo zathu zokazingira anyezi ndi adyo zimamuwononga magazi. Mankhwala a njoka za m'mimba anawapatsa bambo uja mwini, atawayeza pa sikelo yanga yomweyo.

Chiperoni anatengedwa ndi mphunzitsi wina wa ku Chinamwali atakwana masabata 8. Kanyenya anapita kwa mayi wina wogulitsa mpunga amene makoswe anamusowetsa mtendere. Makala palibe anamufuna. Anthu ankabwera, kusuzumira m'katoni, n'kubwerera m'mbuyo. Wina ananena poyera kuti chona wakuda sasungidwa pakhomo, amatumidwa usiku. Winanso ndinamva kuti ankafunsa chomwe mayi wa makeke uja amadzukira 2 koloko usiku ndi amphaka.

Mawu amenewa anandipweteka, ndipo sindiwatenga ngati nthabwala, chifukwa m'dziko muno agogo athu ena amenyedwa ndi kuphedwa kumene chifukwa cha manong'onong'o oyamba chonchi, ndipo m'nyumba mwanga muli mayi wokalamba. Makala ndinamugwira ali wolemera ngati sopo wosambira. Ndinamukodzetsa ndi thonje, ndinamuchotsa utitiri kuseri kwa khutu, ndikudziwa kuti amaopa phokoso la chigayo ndiponso kuti akakhuta amagona chagada. Ubweya wakuda anautenga kwa bambo wake, mphaka wina amene ankayenda pa mpanda wa aneba. Palibe china chilichonse pa iye.

Chomwe ndimadziimba nacho mlandu kwambiri ndi cha Bonya mwini. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 5 kapena 6, nthawi zina ngakhale 4, bere limatenga masiku 63 mpaka 65, ndipo amatha kutenganso lina akadayamwitsa. Ndiko kumachokera timphaka timene timapezeka m'matumba m'mbali mwa Likangala kapena kuseri kwa msika, titatayidwa ndi anthu amene mwina si ankhanza koma asowa pogwira. Ndikanamupititsa Bonya ku opaleshoni yoti asaberekenso, sakanakhala ndi njala ya mayi woyamwitsa yomwe inamutuma kukafunafuna chakudya m'makomo a eni usiku umene uja. Ndinkamva kuti ku Blantyre SPCA, bungwe losamalira nyama, amachita opaleshoni zotere, koma ndinkati n'za azungu ndi agalu awo. Makala ndi wamkazi. Atakwana miyezi 5 ndinamuika m'basiketi, ndinakwera naye minibasi, ndipo anabwera ndi kachilonda kakang'ono pamimba komwe kanapola mosavuta.

Katemera wa chiwewe anabayidwa ali ndi miyezi 3. Ambiri timaganiza kuti chiwewe n'cha agalu okha, makamaka poona kuti a Mission Rabies, amene anayamba ntchito yawo ku Blantyre mu 2015 n'kudzafika kuno ku Zomba, amadziwika ndi mizere ya ana atagwira agalu pa zingwe kudikira katemera. Koma mphaka amatenganso, amapatsiranso munthu, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka palibe mankhwala. Amene anatenga Chiperoni ndi Kanyenya ndinawauza zomwezo, ndipo ndinawaimbira foni kuwakumbutsa tsiku litakwana.

Alamu ya 2 koloko ndinaichotsa kalekale, koma masiku ena ndimadzidzimukabe nthawi yomweyo, dzanja likufufuza fulasiki. Katoni ija tinayamba kusungiramo mbatata. Kope la maoda likadali ndi masamba atatu a manambala kumapeto, ndipo mwana wanga anandiletsa kuwang'amba.

Makala tsopano amagona kumiyendo kwa Amayi. Sabata yatha anagwira khoswe wake woyamba m'sitolo ya ufa, wamkulu pafupifupi theka la iye mwini, n'kukamusiya pakhomo pa chipinda chawo. Loweruka Amayi anabwera kuchokera ku Mpondabwino pa kabaza, ndi kajumbo kakang'ono kapadera pamwamba pa tomato ndi mpiru. Ndinafunsa kuti kameneko n'ka chiyani, poti ndiwo tinali nazo kale.

"Usakhudze," anatero akumasula mpango. "Bonya ameneyo ndi wa chona wanga."